Lilongwe mpaka Joni pa ndege: maola awiri ndi theka aja ndi oona, koma werengani bwino tikiti yanu

Mu July muno ndinaperekeza amayi ku Joni kukaona mdzukulu. Mlongo wanga amene amakhala ku Tembisa anachira, mwana wamwamuna, ndipo chibadwire mwanayo amayi mtima sunali mmalo, tsiku ndi tsiku foni, kodi mchombo wagwa, kodi akuyamwa bwino, nanga akumusambitsa ndani. Vuto ndi loti iwowa miyendo imatupa akakhalitsa malo amodzi, ndiye za basi tinakaniratu. Amene munakwerapo basi ya ku Joni mukudziwa zimene ndikunena, kutulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, kudutsa Tete ndi kutentha kwake kuja, Nyamapanda, Harare, Masvingo kenako mzere wa pa Beitbridge umene sudziwika kuti utha nthawi yanji, pofika pa Park Station masiku awiri atha ndipo ngakhale mnyamata wamphamvu zake amatsika akutsimphina. Ndiye ine, mlongo wanga ndi alamu tinasonkherana kuti amayi akwere ndege basi, ine ndiwaperekeze poti kanali koyamba. Popita tinakwera Malawi Airlines, pobwera ndinabwera ndekha pa Airlink, ndiye ndati ndilembe mmene ndinaonera chifukwa anthu ambiri akhala akundifunsa funso limodzi lomweli, kodi ndi zoona kuti ku Joni ndi maola awiri okha?

Yankho lake ndi eya, komanso zimatengera tikiti imene mwagula.

Kuchoka pa Kamuzu International Airport ku Lumbadzi kukafika pa O.R. Tambo, mukayeza molunjika mumlengalenga ndi makilomita pafupifupi 1,490. Kuchokera pa Chileka ndi kufupiko pang'ono, pafupifupi 1,350. Ndege ngati Boeing 737 ikakwera nkukhazikika mmwamba imathamanga makilomita oposa 800 pa ola, ndiye munthu ukagawa pa foni umapeza kuti ulendo wonse sukwana nkomwe maola awiri, ndipo masamba ena a pa intaneti owerengera mtunda aja amakupatsa nambala yoteroyo. Ine ndinawauza amayi zomwezo, kuti mayi tikanyamuka 8 koloko pofika 10 tili ku Joni. Koma ndege siyamba ndi liwiro limenelo. Imayamba kaye yayenda pansi pang'onopang'ono kupita koyambira msewu wake, kudikira chilolezo, kenako kukwera komwe kumatenga mphindi ngati 20, potsika nakonso imayambira patali kuchepetsa liwiro, njira zake mmwambamo sizowongoka ngati chingwe, mphepo ikakhala yochokera kutsogolo imakubwezani, ndipo pa O.R. Tambo ndege ndi zambiri moti mumaima pa mzere ngati maminibasi a mu depoti. Nthawi imene amalemba pa tikiti ndi yochokera pamene ndege yasuntha pomwe inaima mpaka pamene yaima kwinako, nchifukwa chake pa ndege yosaima pena paliponse amalemba maola awiri ndi theka kapena kucheperako pang'ono. Chabwino china nchakuti wotchi simusintha, nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi imodzi, sizili ngati popita ku Nairobi kapena ku Addis Ababa komwe ali patsogolo ndi ola limodzi ndipo anthu amasokonezeka nazo powerenga tikiti.

Chimene chinandipweteka mtima chili apa. Matikiti tinagula kudzera kwa munthu wina wogulitsa matikiti mtauni muno, ndinamufunsa kawiri konse kuti ulendo ndi wautali bwanji chifukwa ndili ndi munthu wamkulu wodwala miyendo, iye anangoti maola awiri bwana musadandaule. Sanandiuze kuti ndege ya tsiku limenelo imayamba yatera pa Chileka kukatenga anthu a ku Blantyre. Pa pepala zinalembedwa ndithu, koma mwa timalemba tating'ono, ndipo munthu woti ntchito yake ndi imeneyo amayenera kundilozera ndi chala. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Chileka ndi makilomita ngati 245 okha, ndiye mukaphatikiza ndi 1,350 aja mupeza kuti mtunda wangowonjezekera ndi makilomita 100 kapena kuposerapo pang'ono, koma nthawi yokha imawonjezekera ndi ola lathunthu ndi mphindi zake, chifukwa kutera, kutsitsa anthu, kukweza ena ndi katundu wawo nkunyamukanso sikutheka mwa mphindi khumi. Kwa munthu wabwinobwino palibe nkhani. Kwa amayi anga ola limenelo ndi miyendo, ndikanadziwa ndikanawakonzekeretsa mwina ndi kusankha mpando wina.

Tinanyamuka ku Kawale 5 koloko mmawa kukadali mdima, kuzizira kwa July kuja. Eyapoti ili pa mtunda wa makilomita ngati 25 kuchokera mtauni, mumadutsa Kanengo pa M1 nkukakhota chakumanzere musanalowe pa Lumbadzi penipeni, ndipo mmawa choncho msewu unali mbee, koma amene ndege yanu ndi ya masana onjezerani nthawi chifukwa pa Kanengo mathiraki akadzaza simuyenda. Pa ulendo wotuluka mdziko amafuna mufike kukadali maola awiri kapena atatu, ndipo musamazione ngati zongokuvutitsani. Ife chikwama chimodzi chinapitirira makilo, amayi anali atalongedzamo ufa woyera wokonola okha, nyemba, mtedza ndi zitenje za mwana, ndiye panafunika kutsegula pomwepo nkusamutsira zina mchikwama changa. Mayi amene anali pa check-in anatidikira mofatsa, sanatikalipire, anangoti chotsani nyembazo muike uko ziyenda, ndipo zinayendadi. Anandikumbutsanso kuti power bank isakhale mchikwama chachikulu, iyenera kukhala mkachikwama ka mmanja, pomwe mafuta odzola a amayi amene anali mbotolo lalikulu kuposa 100 ml anayenera kupita kwinako. Tikanafika mochedwa zonsezi zikanakhala za phuma ndipo mwina ufa uja ukanatsala.

Bwalo la KIA analikuza ndi thandizo la dziko la Japan, ntchitoyo inatha cha mu 2019, ndipo mkati muli bwino ndithu, mwaukhondo, poyenda sipatali. Kuchoka pa check-in kupita pa immigration kukafika podikirira amayi anayenda okha ndi ndodo yawo osapumira.

Ndege inali Boeing 737, mipando itatu uku itatu uku. Kampaniyi, kwa amene simudziwa, inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatha, boma lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse ndipo 49 otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Chimene ndinakonda kuposa zonse ndi choti atsikana ndi anyamata ogwira ntchito mundegemo ndi akwathu konkuno. Titangolowa mtsikana wina anawalandira amayi chikwama, nkuti "agogo takulandirani, bwerani ndikuonetseni pokhala," ndipo ndinaona nkhope ya amayi ikumasuka nthawi yomweyo, chifukwa usiku wonse nkhawa yawo inali yoti akafuna kupita kuseri akanena mchizungu chanji. Mtsikanayo anagwada mmbali mwa mpando, anawamangira lamba yekha, kenako anamasula nkuwauza kuti tayesani inuyo agogo, mpaka anadziwa. Anawauzanso kuti makutu akayamba kutseka azimeza malovu kapena kuyasamula. Zinthu zazing'ono koma kwa munthu wa zaka zoposa 70 amene sanalowepo mundege ndi zazikulu zedi, ndipo pa chifukwa chimenechi chokha munthu amene mukutumiza kholo lanu lokha ndingakuuzeni kuti ganizirani ndege imeneyi.

Ponyamuka amayi anandigwira dzanja mwamphamvu, maso atatseka, milomo ikuyenda kupemphera. Ndege itasiya nthaka anatsegula diso limodzi kenako onse, nkuyang'ana pa windo, minda ya ku Dowa ili yoderako poti chimanga anakolola kale, timidzi, tinjira ta wapansi tikuoneka ngati ulusi. Anangoti "mwanawe, dziko ndi lalikulu chonchi?" Kuchoka apo sanachotsenso nkhope pa windo.

Lilongwe mpaka Chileka mmwamba tinakhalamo mphindi 35 zokha, ndinayang'ana pa wotchi. Ulendo womwewu pa basi kudzera pa Dedza, Ntcheu ndi Zalewa ndi makilomita oposa 300 ndipo umadya maola anayi kapena asanu. Ndege imangokwera, musanakhazikike nkomwe mwamva kale kuti tayamba kutsika. Pa Chileka ife a ku Joni sitinatsike, tinakhala momwemo mphindi ngati 50, ndipo apa mpamene miyendo ya amayi inayamba kulemera. Ndinapempha ngati angaimirire, anatilola bwinobwino, anayenda kawiri katatu pakati pa mipando atagwira mapewa anga anthu a ku Blantyre asanayambe kulowa. Ndiye langizo langa, ngati muli ndi munthu wotere ndipo tikiti ndi yodzera pa Chileka, nthawi yoima ija igwiritseni ntchito, musangokhala.

Chigawo chachiwiri ndiye ulendo weniweni, maola awiri ndi mphindi zochepa. Anatipatsa chakudya chotentha, mpunga ndi nkhuku, kabanzi, tiyi, ndipo amayi amene mmawa anakana kudya poopa kusanza anamaliza zonse. Kunja kunalibe mitambo, mwezi wa July ndi wabwino pa zimenezi, ndiye patangopita kanthawi tinaona mtsinje waukulu uli ngwee ndi dzuwa, wokhotakhota, ndi zisumbu za mchenga pakati. Ndinawauza kuti mayi uyo ndi Zambezi, tili ku Mozambique tsopano. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anayamba kundiuza za bambo awo, agogo anga amene ine sindinawaone bwino. Iwo anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodiko, ndipo masiku amenewo anthu amakwezedwa ndege kuno kukatsikira ku Francistown ku Botswana, kuchoka apo sitima ya pamtunda mpaka ku migodi. Dzina loti Wenela pa depoti ya mabasi ku Blantyre lija linachokera komweko. Amayi amakumbukira bwino chaka cha 1974, mwezi wa April, pamene ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown itanyamula anthu obwerera kumudzi, anthu oposa 70 anafa ndipo ambiri anali a Malawi, mpaka Kamuzu analetsa kulemba anthu opita ku migodi. Akuti mmudzi mwawo maina asanamveke azimayi amangolira aliyense osadziwa ngati wake ali momwemo. Agogo sanali mundegemo, anabwera patsogolo pake ndi sutikesi yachitsulo ndi chifuwa chimene sichinathenso. Zaka zonsezi ine ndimaganiza kuti amayi amaopa ndege chifukwa cha kusazolowera chabe, nkhani iyi anali asanandiuzepo. Anaimaliza tili pamwamba pa Zimbabwe, anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje nkupempha tiyi wina.

Poyandikira Joni mumadziwa ndi maso, misewu ikuluikulu yodutsana pamwamba ndi pansi, nyumba zosatha, ndi milu yachikasu ya dothi lochokera mmigodi ija. Tinatera cha mma 12 koloko, bwinobwino popanda kugunda.

Tsopano apa mvetserani amene simunafikeko. O.R. Tambo, imene kale inkatchedwa Jan Smuts ndipo dzina la Oliver Tambo inapatsidwa mu 2006, si KIA ayi. Kuchoka pomwe ndege yaima kukafika pa immigration ndi kaulendo ndithu, makonde ataliatali, masitepe oyenda okha, ndipo ngati mwafika nthawi imodzi ndi ndege zikuluzikulu zochokera kunja mzere umakhala wautali. Mwayi wake mnzanga wina anandilangiza kuti ndipemphe wheelchair pogula tikiti, ndinatero ngakhale amayi amakana kuti ine sindine wolumala, ndipo sitinalipire kanthu. Titatsika mnyamata anali akudikira kale pakhomo la ndege, anawakankha mpaka pa immigration kudzera mbali ya anthu ofuna thandizo, mpaka potengera katundu, mpaka panja pomwe alamu amadikira. Popanda iyeyo sindikudziwa kuti tikanatha bwanji. Pa immigration anafunsa komwe tikukakhala ndi tsiku lobwerera, ndiye adiresi ya amene mukupitako ndi tikiti yobwererera zikhale pafupi, osati pansi pa chikwama. Ife a pasipoti ya Malawi amatipatsa masiku osapitirira 30 opanda visa, ndipo yang'anani chidindocho musanachoke pa windo kuti mudziwe tsiku limene alemba, chifukwa mukapitirira amakuletsani kulowanso kwa nthawi. Zonsezi pamodzi ndi kudikira zikwama zinatitengera pafupifupi ola.

Ndipo kuzizira! Eyapoti imeneyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa ya ku Lilongwe imene ili cha pa 1,200, ndiye mphepo ya July kumeneko imalowa mmafupa ngakhale dzuwa likuwala. Juzi ikhale mmanja.

Tembisa ili pafupi ndi eyapoti, ndiye pofika 2 koloko masana amayi anali atakhala pa mpando mdzukulu ali mmanja, akumuyang'ana zala chimodzichimodzi. Mukawerenga kuchokera pamene tinatseka chitseko ku Kawale ndi maola 9. Ndiye amene mukufunsa za maola awiri aja, nambala yoti muziuza okudikirani ndi imeneyi, khomo mpaka khomo, osati ya pa tikiti. Amene mukupita ku Sandton kuli sitima ya Gautrain yochokera mu eyapoti momwemo, mphindi ngati 15 mwafika, koma ngati mukupitirira ku Cape Town kapena ku Durban pa ndege ina siyani mpata wa maola atatu pakati, makamaka miyezi ya mvula pamene ku Joni masana kumakonda kuchita ziphaliwali ndipo ndege zimachedwa kutera.

Pobwera, patatha masiku asanu, ndinakwera Airlink yolunjika ku Lilongwe. Ndege yake ndi Embraer, yocheperako, ndipo ubwino wake mulibe mpando wapakati, uli pa windo kapena mmbali mwa kanjira basi. Mwaukhondo, ogwira ntchito aulemu, tinanyamuka pa nthawi yake, ndipo kuchokera pamene matayala anasiya pansi mpaka kugunda pa KIA wotchi yanga inawerenga maola awiri ndi mphindi 10. Apa mpamene ndinaona kusiyana kwake ndi maso anga, ulendo womwewo koma thupi silinatope nkomwe, madzulo ake ndinapita ku ntchito zanga. Kwa munthu wa bizinesi kapena amene nthawi yamuthina, yolunjika ndiye yake. Kungoti mmenemo zonse ndi mchizungu, ine sizinandivute koma ndinaganiza za amayi kuti akanakhala okha akanangokhala duu osapempha ngakhale madzi. Masiku ndi nthawi zonyamukira makampani onsewa amasinthasintha, ndiye musatengere za tsiku langa, funsani za tsiku lanulo, ndipo funso lake likhale lachindunji, kodi ikuima pena kapena ayi. Pa tikiti yang'anani nthawi yonyamuka ndi yofika nkuchotsera nokha, mukapeza maola atatu ndi theka kapena anayi dziwani kuti pali poima. Ndipo samalani ndi matikiti ena ooneka otchipa pa intaneti amene amakuzungulitsani ku Nairobi kapena ku Addis Ababa, mumayamba mwapita kumpoto makilomita ambirimbiri kenako nkubwerera kummwera kudutsanso pamwamba pa kwanu komwe, tsiku lonse lathera mnjira mwinanso kugona pa benchi.

Za mtengo sindinama, ndi wowawa. Tikiti imodzi ya ndege mukhoza kukwera nayo basi maulendo angapo, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zonse zowerengedwa mmadola zinathawa anthu wamba. Sindilemba nambala pano chifukwa mtengo umasintha sabata ndi sabata, ife tinaona kuti kugula kukadali mwezi wathunthu kunatipulumutsa ndalama yooneka poyerekeza ndi amene anagula kutatsala masiku atatu, ndipo December ndiye musayerekeze kudikira. Komanso wa geni amene amabwera ndi mabulangete, mapoto ndi zikwama zikuluzikulu zija ndege simuthandiza, makilo ndi owerengeka ndipo opitirira amalipiritsa modula, ameneyo basi ndi yake ndithu. Koma pa matenda, pa maliro, pa munthu wachikulire kapena mayi wa mwana wakhanda, ine ndaona ndi maso kuti kusonkherana pa banja nkoyenera. Pa basi pamakhalanso zowononga zimene sitiziwerenga, chakudya cha masiku awiri, timalipiro ta mmaboda atatu, ndi masiku ena awiri ogona kuchiza thupi ukafika.

Ndikati ndipereke mamalikisi, Malawi Airlines ndiipatsa 8 pa 10 makamaka chifukwa cha mmene anawasamalira amayi, Airlink 8 pa 10 chifukwa cha kufulumira ndi kusunga nthawi, wogulitsa tikiti uja yekha ndiye sindidzabwererakonso.

Amayi akubwera sabata ya mawa, masiku awo 30 asanakwane, ndipo ulendo uno abwera okha pa Malawi Airlines. Wheelchair ndapempha kale mbali zonse ziwiri, alamu akawasiya mmanja mwa ogwira ntchito ine ndikawadikira ku Lumbadzi. Ndinafuna kuwasankhira mpando wa mmbali mwa kanjira kuti azitha kuimirira mosavuta, koma dzulo pa foni akana, akuti ndiwaikenso pa windo akufuna adzaonenso Zambezi.